Trap ndi msampha: yankho kwa mayi amene mwana wawo akupanga mabiti

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Dzina lawo sinditchula, koma anandilola kuwayankha poyera poti mwina alipo makolo ena amene nkhani yomweyi ikuwasowetsa tulo. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 17, ali Fomu 3, ndipo amalume ake a ku Joni anamutumizira laputopu kuti izimuthandiza pa maphunziro. Chilandirireni laputopuyo, mnyamatayo akangoweruka amadzitsekera kuchipinda n'kumapanga zimene iye amati mabiti, nyimbo za zida zokhazokha zimene oyimba amadzaikapo mawu. Analumikiza sipika yakale ya bambo ake, moti madzulo mawindo amanjenjemera, malata amachita kulira. Akamufunsa amangoti, "Ndi trap imeneyi amayi." M'bale wina anawauza kuti trap ndi nyimbo za anthu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Mayiwa ayimba kwaya zaka zoposa 20, choncho khutu ali nalo, ndipo akuti akumva ndithu kuti m'zimene mwanayo akupanga muli luso, koma mtima wawo suli m'malo. Akufunsa kuti trap n'chiyani, inachokera kuti, n'chifukwa chiyani imalira chonchi, ndipo kodi amulande laputopuyo.

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanalande. Safunsa anadya phula. M'bale wanu uja sanakunamizeni, koma nkhaniyi waidula pakati, ndipo mbali imene wasiyayo ndi imene ingakuthandizeni kwambiri pa mwana wanu.

Mawu akuti trap m'Chingerezi ndi msampha, womwe uja timatchera mbewa. Ku Atlanta, mzinda waukulu wa chigawo cha Georgia kummwera kwa America, anyamata a m'makwalala a anthu akuda anatenga mawuwa n'kuyamba kutchulira malo ogulitsira mankhwala: nyumba yosiyidwa yokhomedwa matabwa m'mawindo, pakona pa msewu, kuseri kwa mafulati. Amene anapatsa malowo dzina limeneli ankadziwa chimene akunena. Msampha umenewo unkakola anthu awiri nthawi imodzi. Wogula ankakodwa ndi chibaba, wogulitsa ankakodwa ndi ndalama yachangu imene mathero ake anali ndende kapena manda. Ine ndimaona kuti nkhani yonse ya nyimbozi ili m'dzina lomweli. Anthu amene anaziyambitsa sanatchule malo awo kuti munda, kapena mgodi, kapena msika. Anati msampha.

Kuti mumvetse mmene msamphawo unatcheredwera, tibwerere cha m'ma 1980. Nthawi imeneyo m'mizinda ya ku America munalowa crack, amene ndi kokeni wophikidwa mpaka kuuma ngati timiyala. Kokeni wa ufa anali wodula, wa anthu a ndalama. Crack ankagulitsidwa pang'onopang'ono pa mtengo woti wosauka n'kukwanitsa, ndipo ankagwira munthu msanga. N'chifukwa chake mukamvetsera mawu a nyimbozi mumva za mphika, za kukhitchini, za kutakasa. Sakunena za nsima kapena ndiwo ayi. Mu 1986 boma la America linakhazikitsa lamulo lakuti wogwidwa akugulitsa magalamu 5 a crack azikhala m'ndende zaka zosachepera 5, chilango chofanana ndi cha munthu wogwidwa ndi magalamu 500 a kokeni wa ufa. Mankhwala ake ndi amodzi omwewo, koma wa timiyala ankalangidwa ngati wanyamula katundu wochuluka ka 100. Ambiri ogwidwa ndi crack anali anyamata akuda osauka. Lamuloli linadzafewetsedwa mu 2010, kusiyanako n'kutsika kufika pa 18, koma apo n'kuti m'badwo wonse wa ana utakula abambo awo ali kundende.

Atlanta yemweyo ali ndi nkhope ina yowala. Ndi kwawo kwa Martin Luther King Jr. Anasankha meya wakuda woyamba, Maynard Jackson, mu 1973. Kuli makoleji otchuka a anthu akuda ngati Morehouse ndi Spelman, kuli likulu la Coca-Cola, ndipo mu 1996 kunachitikira masewera a Olympics. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pokonzekera masewerawo anagwetsa Techwood Homes, nyumba za boma za anthu osauka zimene zinamangidwa cha m'ma 1930, ndipo m'zaka zotsatira anapitiriza kugwetsa madera ena otero mpaka Bowen Homes mu 2009. Mabanja anabalalika. Apolisi anali ndi gulu lapadera lotchedwa Red Dog lolimbana ndi mankhwala, limene anthu a m'makwalala ankaliopa chifukwa cha nkhanza, mpaka linathetsedwa mu 2011. Mnyamata wokulira ku Bankhead kapena ku East Atlanta ankaona nyumba zazitali zagalasi za pakati pa mzinda tsiku lililonse, koma njira yokafikira kumeneko sankaiona. Imene ankaiona inali ya pakona.

Pa nkhani ya nyimbo, rap inabadwira ku New York m'ma 1970, kenako Los Angeles inadzuka, ndipo kwa nthawi yaitali mizinda iwiriyi inkaona oyimba akummwera ngati achimidzi olankhula mokoka mawu. Mu 1995, pa mwambo wa mphoto za Source ku New York, gulu la ku Atlanta la OutKast litapambana, anthu analikuwiza. André 3000, mmodzi wa gululo, anaima pomwepo n'kuwauza kuti kummwera nako kuli ndi chonena. Chaka chomwecho anzawo a Goodie Mob anatulutsa chimbale chawo choyamba, ndipo m'nyimbo za magulu awiriwa mawu akuti trap ankamveka kale. Koma iwo ankawatchula ngati mkulu wochenjeza mng'ono wake. Kwina kummwera nako moto unali ukuyaka: UGK ku Texas, 8Ball ndi MJG komanso Three 6 Mafia ku Memphis, Master P ndi Cash Money ku New Orleans. Onsewa anathirapo mchere wawo. Makamaka Memphis, kumene ankajambula nyimbo zamdima pa makaseti otchipa, inapereka zambiri zimene lero timangoti ndi za ku Atlanta.

Dzina la mtundu wa nyimbo linakhazikika mu 2003 pamene T.I., mnyamata wa ku Bankhead, anatulutsa chimbale chotchedwa Trap Muzik, nyimbo zambiri atakonza DJ Toomp. Mu 2005 kunabwera ena awiri. Young Jeezy anatulutsa Trap or Die limodzi ndi DJ Drama, kenako chimbale chake choyamba chachikulu, mabiti ena atakonza Shawty Redd. Gucci Mane anatulutsa Trap House. Mpaka lero anthu amakangana kuti mwini wake ndani mwa atatuwa, ndipo T.I. ndi Gucci anakanganapo poyera za zomwezi. Kwa ine mkanganowo ulibe phindu kwenikweni, chifukwa aliyense anabweretsa chake. T.I. anabweretsa dzina ndi chikumbumtima. M'nyimbo zake mumamva munthu wonyada koma wodziwa kuti akulakwa. Jeezy anabweretsa mawu okhakhala ndi mtima wa mlaliki wolimbikitsa anthu otopa. Gucci anabweretsa liwiro, kutulutsa nyimbo ngati mvula, ndiponso diso lozindikira achinyamata aluso. Ambiri otchuka pambuyo pake anadutsa m'manja mwake. Nyimbozi sizinayambire pa wailesi. Zinkayenda pa ma CD ogulitsidwa m'misewu, m'magalimoto, ndi m'malo ovinira usiku ngati Magic City. Nyimbo ikagwira kumeneko, wailesi inkabwera pambuyo.

Tsopano tifike pa chimene chikugwedeza malata anu, chifukwa apa ndi pamene ine ndimakonda kwambiri.

Chogunda chija chimatchedwa 808. Dzinali ndi la kamakina koyimba ng'oma kotchedwa TR-808, kamene kampani ya ku Japan ya Roland inatulutsa mu 1980. Makina ena a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito mawu a ng'oma zenizeni zojambulidwa. Aka ayi, kankapanga mawu ake ndi magetsi okha, ndiye ng'oma zake sizinkamveka ngati ng'oma. Akatswiri ambiri anakanyoza. Kampaniyo inapanga makina pafupifupi 12,000 basi n'kusiya mu 1983. Poti anthu a ndalama sankawafuna, makinawo anayamba kupezeka motchipa m'mashopu a katundu wakale, ndipo amene anawatola ndi anyamata osauka. Mu 1982 oyimba Marvin Gaye ndi Afrika Bambaataa anali ataonetsa kale kuti kamakinaka kali ndi mphamvu, koma amene anatulukira chuma chake chenicheni ndi akummwera, kuyambira ku Miami. Pa ng'oma yaikulu ya 808 pali kabatani kotalikitsa kulira kwake. Mukakapotokola mpaka kumapeto, ng'omayo simangoti "du" n'kusiya, imati "duuuum" n'kumapitirira. Anyamatawo anazindikira kuti mawu otalikawo angathe kukwezedwa ndi kutsitsidwa ngati manotsi. Ng'oma inasanduka besi. Inu amene mumayimba kwaya, ganizirani abambo a besi atakhala kuti ndi omwewonso akuomba ng'oma, ndi pakamwa pomwepo. Ndiye 808 ya mu trap imeneyo: chida chimodzi chogwira ntchito ziwiri. Masiku ano pafupifupi palibe amene amagwiritsa ntchito makina enieniwo. Mwana wanu ali ndi mawu ake ojambulidwa mu laputopu, ndipo amawapinda, kuwatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, mmene akufunira.

Chifukwa chimene mawindo amanjenjemerera n'chakuti mawu amenewa ndi otsika kwambiri, amanjenjemera mwina ka 30 mpaka ka 60 pa sekondi, pafupi ndi malire a zimene khutu la munthu limatha kumva. Mawu otere mumawamva ndi chifuwa kuposa ndi khutu. Sizinachitike mwangozi. Atlanta, Houston ndi Miami ndi mizinda yotambalala imene munthu sayenda popanda galimoto, kusiyana ndi New York kumene ambiri amakwera sitima atavala mahedifoni. Nyimbo zakummwera zinapangidwira masipika aakulu oikidwa m'buti ya galimoto, kuti anthu akumve usanatulukire pakona. Ine ndinayamba kuimvetsa trap tsiku limene mnzanga wina anandikweza m'galimoto yake yokhala ndi sipika yotero, cha m'ma 2011. Nyimbo imene ndinali nditaimva kambirimbiri pa foni, n'kumaiona ngati yopanda kanthu, inandigwira m'mimba ngati bingu lakutali. Pa foni theka la nyimboyo kunalibe, chifukwa kasipika ka foni sikangathe kutulutsa mawu otsika chotero. N'chifukwa chake opanga mabiti masiku ano amaikhakhalitsa dala 808 kuti ngakhale pa foni izimvekako.

Pamwamba pa bingulo pali tija timati "tsi-tsi-tsi-trrrr", tothamanga ngati maseche. Amatitcha ma hi-hat. Pa ng'oma za bandi ndi timbale tiwiri tachitsulo tokhudzana, koma mu trap timathamangitsidwa mpaka pamene dzanja la munthu silingafike, kenako n'kubwerera, kenako n'kugawika patatupatatu. Ndipo apa pali chinsinsi chimene mungachiyese nokha. Biti ya trap nthawi zambiri imayenda kugunda pafupifupi 140 pa mphindi, liwiro lalikulu ndithu. Koma werengani 1, 2, 3, 4 motsatira nyimboyo, muona kuti kuomba m'manja kumagwa kamodzi kokha, pa 3. Chifukwa cha ichi thupi limamva ngati nyimboyo ikuyenda pa 70, mwaulesi, pamene timaseche tija tikuthamanga pamwamba. Nyimbo imodzi ili ndi maliwiro awiri. Pansi munthu akuyenda monyada, osapupuluma. Pamwamba mtima ukugunda, maso akuyang'ana uku ndi uku. Ine ndikamva zimenezi ndimaona mnyamata woima pakona uja, amene ayenera kuoneka wodekha pamene m'kati akuyembekeza apolisi kapena mfuti nthawi ina iliyonse. Sindikunena kuti opanga mabiti anakhala pansi n'kugwirizana kuti tiyeni tijambule mantha. Koma malo amalowa m'nyimbo ngakhale mwini wake asakudziwa, monga mmene nyimbo za pamtondo zimayendera liwiro la munsi.

Nanga timawu ta piyano, mabelu, malipenga ndi zitoliro timene timazungulirazungulira pa manotsi ochepa achisoni? Apa, amayi, pali nkhani imene ndikufuna muimve bwino. Mmodzi mwa anthu amene anaumba kamvekedwe ka trap ndi Zaytoven. Anabadwira ku Germany mu 1980 bambo ake ali msilikali kumeneko, anakulira ku California, kenako banja lawo linasamukira ku Atlanta. Bambo akewo ndi mlaliki, mayi ake wotsogolera kwaya, ndipo iye anaphunzira kuyimba limba kutchalitchi. Ku Atlanta ankameta anthu, kwinaku akupanga mabiti m'chipinda chapansi kunyumba kwa makolo ake, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kugwira ntchito ndi Gucci Mane. Atatchuka sanasiye kuyimba limba Lamulungu. Mukamvetsera mabiti ake mumva zala zikuthamanga pa kiyibodi monga zimachitira m'matchalitchi a anthu akuda a ku America pamene mlaliki wafika pachimake. Ndiye luso limene khutu lanu lagwira m'chipinda cha mwana wanu si lachilendo kwa inu. Mbali ina ya nyimbozi inatuluka m'nyumba ya mapemphero, n'kukakumana ndi nkhani za pakona. Zinthu ziwirizi m'madera amenewo zimakhala msewu umodzi, nthawi zina banja limodzi.

Kusintha kwina kwakukulu kunabwera mu 2010 ndi mnyamata wa zaka 19 wa ku Suffolk, Virginia, wotchedwa Lex Luger. Analibe situdiyo yodula. Anali ndi kompyuta ndi pulogalamu ya FL Studio, imene imapangidwa ndi kampani ya ku Belgium, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi yomweyo ili mu laputopu ya ku Zomba. Ankatumiza mabiti kwa oyimba kudzera pa tsamba la intaneti la MySpace, mpaka Waka Flocka Flame anamuyankha. Mabiti ake anali aukali, odzaza malipenga ndi zingwe ngati nyimbo za mufilimu ya nkhondo. Chaka chomwecho Rick Ross anayimba pa biti yake, ndipo chaka chotsatira Jay-Z ndi Kanye West. Kuyambira pamenepo mwana aliyense wokhala ndi kompyuta anadziwa kuti khomo ndi lotsegula. Anatsatira Mike WiLL Made-It, Southside, Metro Boomin ndi ena ambiri. Kadzina kaja mumakamva kakutchulidwa kumayambiriro kwa nyimbo ndi chidindo cha wopanga biti, kuti ntchito yake isabedwe komanso kuti adziwike. Mwana wanu ayenera kuti ali nako kake. Mufunseni, mudzaona mmene nkhope yake iwalire.

Mawu a oyimba nawo anasintha. Migos, anyamata atatu a kufupi ndi Atlanta, anatchukitsa mu 2013 kayimbidwe koika maphatikizo atatu pamalo pa awiri, "ta-ta-ta, ta-ta-ta", kamene a ku Memphis anali atayamba kale zaka 20 m'mbuyomo. Khutu lathu ife silidabwa nako, poti ng'oma zathu zambiri zimayenda patatupatatu chomwecho. Anatchukitsanso timawu toponya kumbuyo kwa mzere uliwonse, kamodzi kapena kawiri, ngati wotsogolera ndi ovomera. Future ndi Young Thug anatenga Auto-Tune, pulogalamu imene inapangidwa mu 1997 kuti iziwongola mawu a woyimba akaphonya noti, n'kuisandutsa chida choliritsira mawu, mwakuti sudziwa ngati munthuyo akuyimba, akulankhula kapena akubuula. Anthu ena amati uku n'kung'ung'udza chabe. Nthawi zina akunena zoona. Koma pa oyimba abwino, kubuulako ndi kumene kuli uthenga: munthu akutchula ndalama ndi magalimoto, mawu ake akumveka ngati wa pamaliro.

Za kufalikira kwake sindichedwapo. Mu 2017 rap ndi R&B zinapitirira rock kukhala nyimbo zomvedwa kwambiri ku America, ndipo trap ndi imene inali patsogolo. Ku Puerto Rico Bad Bunny ndi anzake anaiyimba m'Chisipanishi. Ku Chicago kunabadwa mng'ono wake wotchedwa drill, amene anawoloka kupita ku London. A nyimbo zovinira za magetsi anatenga ng'oma zokhazo n'kusiya mawu. Oyimba a pop, a ku Korea, ngakhale a nyimbo zauzimu, onse anatenga 808 ndi timaseche tija. Mu 2019 Lil Nas X anakhala pa nambala 1 ku America masabata 19 ndi nyimbo ya Old Town Road, imene biti yake anaigula pa intaneti madola 30 kwa mnyamata wa ku Netherlands amene anali asanaonane naye. Lero mawu akuti trap kwa ambiri amangotanthauza kamvekedwe, osatinso msampha.

Kufupi ndi kwathu, ku South Africa, Emtee anatchuka mu 2015, ndipo iye ndi Sjava ndi Saudi anadzitcha African Trap Movement. Chimene ndimawalemekezera n'chakuti sanangokopera. Anaika Chizulu, anaika nkhani za kwawo, ndipo Sjava anabweretsa kayimbidwe kochokera ku nyimbo zamakolo. Nasty C wa ku Durban anafika poyimba ndi T.I. mwiniwake mu 2020. Kuno kwathu nako simungayende mtunda wautali pa minibasi osamva 808 pansi pa mawu a Chichewa.

Koma ndikanama ndikakuuzani kuti zonse zili bwino. Msampha uja sunawasiye ngakhale amene anatchuka. T.I. analowa m'ndende mu 2009 pa mlandu wa mfuti. Gucci Mane anakhala m'ndende kangapo, n'kutuluka komaliza mu 2016 atasiya mankhwala, ndipo iye mwini amanena poyera mmene anamuwonongera. Takeoff wa Migos anawomberedwa ku Houston pa 1 November 2022 ali ndi zaka 28. Young Thug anamangidwa mu May 2022, mawu a m'nyimbo zake anawerengedwa m'khoti ngati umboni, ndipo anatuluka mu October 2024 atavomera milandu ina. Palinso chinthu chimene ndikufuna muchiyang'anire kwambiri kuposa 808. M'zaka za m'ma 2010 nyimbo zambiri zinachoka pa nkhani ya wogulitsa n'kupita pa ya wakumwa. Zinayamba kutamanda mapilisi ndi chakumwa chotchedwa lean, chimene ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine osakaniza ndi zakumwa zotsekemera. Zimenezi zapha anthu: DJ Screw wa ku Houston mu 2000, Juice WRLD mu 2019 ali ndi zaka 21. Ndipo ichi si cha kutali ngati crack. Ku Zimbabwe vuto la achinyamata omwa mankhwala a chifuwa ngati mowa ndi lodziwika bwino, ndipo botolo lotero ndi losavuta kulipeza m'chigawo chathu chino. Nyimbo zambiri za trap zimanyozanso akazi mwa njira imene ine sindingaikire kumbuyo. Zimenezi nzoona, ndipo mwana wa zaka 17 amazimva.

Chimene chimandiwawa ine ndi kumva mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chinsapo akuyimba za mfuti zimene sanazigwirepo ndi kokeni amene sanamuonepo, m'Chingerezi chobwereka, pamene pakhomo pake pali nkhani zoti zingagwetse misozi. Anyamata a ku Atlanta anamveka dziko lonse chifukwa ananena za msewu wawo, ndi matchulidwe awo amene a ku New York ankawaseka. Ifenso misampha tili nayo yathu. Katapila ndi msampha. Kubetcha pa mpira ndi foni, kumene kwadya fizi ya ana ambiri, ndi msampha. Ulendo wa ku Joni wopanda mapepala ndi msampha. Digiri ili m'chikwama, mwini wake akuyendetsa kabaza. Biti ya trap, ndi kudekha kwake kwa pansi ndi mantha ake a pamwamba, ikhoza kunyamula nkhani zimenezi bwino lomwe.

Ndiye laputopu ija musalande, amayi. Mukalanda, akapangira kwa anzake kumene inu simudzamva kalikonse, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala mabotolo aja. Panopa ali m'nyumba mwanu, akuphunzira kuwerenga nthawi ya nyimbo, makodi, kusakaniza mawu ndi kugwiritsa ntchito kompyuta, zinthu zimene zingamudyetse kaya pa wailesi, kutchalitchi kapena m'situdiyo. Metro Boomin ali ku sekondale ku St. Louis, mayi ake ankamutenga pa galimoto ulendo wa maola pafupifupi 8 kupita ku Atlanta kuti akakumane ndi oyimba, iwo ali pomwepo. Sindikukulonjezani kuti wanu adzakhala ngati ameneyo; pa mmodzi wotero pali masauzande amene sanafike. N'chifukwa chake MSCE ikhale patsogolo, ndipo muikirane naye nthawi: mabuku kaye, mabiti pambuyo, Loweruka akhale ndi mpata wokwanira. Za malata olira, mahedifoni abwino athetsa nkhaniyo, ndipo amuthandizanso kumva bwino zimene akupanga, bola asamakweze kwambiri chifukwa makutu akawonongeka sabwerera. Muzidziwa anzake amene amabwera kudzajambula mawu pa mabiti ake, ndipo muzimva zimene akuyimba. Ngati ndi Chingerezi chothamanga, muuzeni akumasulireni mzere ndi mzere. Mwana amene sangathe kumasulira mawu ake pamaso pa mayi ake amadziwa yekha kuti penapake pakhota, ndipo simudzafunika kukalipa.

Loweruka likubwerali mugogode pachitseko chake, mukhale pa bedi, mumuuze akutsegulireni biti imodzi n'kuzimitsa zonse kupatula 808. Kenako awonjezere kuomba m'manja, muwerenge limodzi mpaka mupeze 3 uja. Kenako timaseche. Pomaliza piyano, ndipo pamenepo mumufunse kuti nyimboyo ili mu kiyi yanji. Mwina sadziwa, chifukwa ambiri amangoika manotsi ndi khutu. Inu mukudziwa. Muyimbireni alto ya nyimbo imodzi ya kwaya yanu, imene mumaikonda kwambiri, aijambule, aone ngati angaipezere besi yake. Mukatero mundilemberenso, ndipo ngati iye angalole, munditumizire biti imeneyo ndiimve.